Mitembo ya M'foni ya Zulfa

Lolemba, 7 Julaye

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi la pawindo. Zulfa, mdzukulu wanga, mwana wa Kalilu, ndiye gadiyani wanga, ndipo wandigulira kope kuti ndizilembamo shuga, poti zonena madokotala ndikumaiwala. Akuti ndizilemba manambala okha. Ndilemba zimene ndikufuna. Sukulu ya kwacha sindinapitire manambala ine.

Shuga 24. A Sisita Brenda anayang'ana kamakina kawo, kenako n'kuyang'ana ine ngati ndawabera nkhuku. Andibaya insulini pamimba, andiika diripu kudzanja lamanzere.

Chandibweretsa ndi phazi lakumanzere. Ndinaponda chitsa m'munda wa mpunga kwathu ku Kanyenda nthawi yokolola, osamva kanthu, ndinangoona magazi pa patapata. Ndinathira zonse zimene anthu amathira. Tsopano zala zitatu zada ngati makala, ndipo fungo lake sindifunsa munthu. Ndasambitsa maliro a akazi m'mudzi mwathu kuyambira Kalilu ali kumsana. Fungo limeneli ndimalidziwa.

Lachiwiri, 8 Julaye

Shuga 21. Ajambula phazi. Mankhwala akulowera m'diripu, ena ozizira, ena oyaka m'mitsempha.

Abwera a Dokotala Sailesi, mwana wadzulodzuloli, ndevu sizinagwirizane n'komwe zomera. Anafunafuna kugunda kwa magazi pamwamba pa phazi, osakupeza. Anatenga cholembera n'kujambula mzere pamsongolo, pamene pakulekezera kufiira. Ati kufiirako kukadumpha mzerewo ndiye kuti kuvunda kukukwera. Kenako ananena mosazungulira: mwendo udulidwe pansi pa bondo, apo ayi poizoni alowa m'magazi ndipo ndifa.

Ndinawayankha kuti munthu amalowa m'manda kamodzi, wathunthu, osati m'zidutswa ngati makaka. Anati ndiganizire, kufiyeta amalowetsa Lachinayi. Ndinati ndaganiza kale.

Chimene sindinawauze ndi ichi: ndimamva kuti ziwalo zodula amaziponya pamoto pamodzi ndi mathonje. Mwendo umene waima popemphera swala zaka zonsezi ukayambe kulawa moto mwini wake ndili moyo?

Potsuka chilonda Zulfa anatuluka. Sapirira fungo.

Lachitatu, 9 Julaye

Shuga 19. Phala lopanda shuga, tiyi wopanda shuga. Ngakhale mbuzi ikanadandaula.

Bedi loyandikana ndi langa kuli mayi Lois, ogulitsa usipa cha ku Dwangwa, kwawo kwenikweni ku Karonga. Mtima wawo ukuvuta, miyendo yatupa ngati mitondo, koma pakamwa ali bwinobwino. Iwo ndiwo anandikodola kuti mdzukulu wangayu ali ndi mwamuna m'foni. Zoonadi, chifikireni mwanayu wakhala pamphasa, foni ataigoneka chammbali, zala zazikulu zikuvina, tizingwe m'makutu, n'kumalankhula yekha: wabisala m'basi, dzera kumanzere, ndigawireko madzi. Ndinamulanda kachingwe kamodzi kuti ndimumve mkamwini wangayo.

Bola akanakhala mwamuna.

Ati ndi gemu. Anandiyandikizira foni ndipo ndinaona mzinda waukulu kuposa Lilongwe, nyumba zosanja zopanda madenga, mitengo itamera pakati pa msewu, magalimoto adzimbiri atagona chagada. Kumwamba kwachikasu ngati nthawi yotentha tchire. Kuli nyanja, koma yophwa, mabwato atakhala pamatope ouma. Apo ndinayang'ana kumbali. Agalu ake amitu iwiri, opanda ubweya.

Zulfa akuti m'menemo dziko linatha kalekale ndi mabomba, ndipo otsalawo amakhala m'timagulu, kumayendayenda m'mabwinja kufuna zitini za chakudya, madzi ndi zipolopolo. Ndinafunsa ngati lipenga linalira. Ati ayi. Ndinafunsa ngati anthu anaimitsidwa n'kuweruzidwa. Ati ayi, anangotsala. Ndiye kiyama yanji imeneyi, dziko kutha, chiweruzo osabwera, anthu n'kutsala akutola zitini? Amene anapanga chinthu chimenechi sanapiteko kumadrasa, ngakhale kutchalitchi kwa mayi Lois.

Chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti tianthu tothamanga m'menemo si zithunzi chabe. Kumbuyo kwa kalikonse kuli munthu weniweni, wagwira foni yake kwinakwake. Ndinawamva ndi khutu langa. Wina ndi mnyamata wa ku Mzuzu, Ramsey, mlenje wa gulu lawo. Wina ndi mtsikana wa ku Lilongwe wonyamula mfuti yaitali kuposa iye mwini, dzina lake ati Mtendere. Zulfa ndiye wa mankhwala, amamanga anzake mabala. Sanaonanepo maso ndi maso. Wa mankhwala, munthu wothawa chilonda cha agogo ake.

Lachinayi, 10 Julaye

Shuga 20. Thupi 38. A Dokotala anafunsa ngati ndasintha maganizo. Ndinawafunsa ngati mwendo wasintha mwini wake. Anapitirira.

Masana ndinauza Zulfa kuti akhale pabedi ndizionera nawo, poti kuyang'ana denga kwandikwana. Anali kuyenda mumsewu wina iye ndi anzake aja. Pakona panagona munthu. Patsogolo pake wina. Pakhomo pa sitolo atatu, wina mkazi, miyendo ili padera, mutu wosafunda. Anthu kumangowalumpha ngati zitsa. Ndinafunsa kuti abale awo ali kuti, uthenga wapita kwa ndani, akukumba ndani. Zulfa anaseka.

Kenako kanthu kake kaja kanagwada pambali pa mkazi uja. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati magazi ndi magazi, mwanayu akukamutseka maso.

Anamuvula nsapato.

Anamuvula nsapato, anamutenga chikwama, anamupisa m'matumba, n'kunyamuka akuuza Ramsey kuti wapeza zabwino. Ndinamumenya ndi kope lomwe lino paphewa.

"Agogo, adzuka ameneyo. Muno amafa n'kudzukanso, si nkhani."

"Akadzuka apeza alibe nsapato."

"Akavula za wina."

Mayi Lois anati ndisadabwe, zimenezo n'zimene anachita abale a amuna awo tsiku la maliro, kungoti a m'foniwa ali ndi ulemu, satenga ndi malata omwe. Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Manja angawa anaphunzira kuvula womwalira pansi pa nsalu, osaona thupi lake, osamugwedeza. Mwana wa mwana wanga akupisa mitembo m'matumba masana dzuwa likuswa mtengo, m'chipatala.

Lachisanu, 11 Julaye

Shuga 18. Kufiira kwafika pamzere.

Kalilu wabwera atatuluka kumzikiti ku mapemphero a Ijuma, ndi mpunga ndi utaka. A Sisita anandiletsa mpunga. Anadya mayi Lois, akuyamikira wophika wake, mpongozi wanga mkazi wa Kalilu, pa nkhwiru iliyonse. Ine ndinapatsidwa utaka ndi mpiru.

Kalilu analankhula nthawi yaitali akuyang'ana khoma. Ati alipo anthu ambiri a mwendo umodzi, ati adzandipangira ndodo, ati ana akufunsa. Munthu wolimbana ndi mwera pabwato, koma phazi la mayi ake sanaliyang'ane ngakhale kamodzi. Ndinamuuza kuti akakonze denga la khitchini, zanga azisiye.

Atapita ndinafunsa Zulfa ngati m'dziko lake lija muli manda. Anaganiza kaye. Ati sanawaonepo.

Loweruka, 12 Julaye

Shuga 17. Thupi 38 ndi theka. Asintha diripu, aiika kudzanja lomwelo koma chapamwamba.

Lero ndalowamo ndekha. Zulfa anati m'malo momutukwana ndili kunja, ndikamutukwanire m'kati. Anati tiyambe tapanga munthu wanga. Kupanga munthu, abale, ngati mphika. Mphuno usankhe, maso usankhe, msinkhu usankhe. Ndinati ndikufuna nkhalamba yonga ine. Mulibe. Imvi zilipo, koma thupi lake n'la mtsikana wosabereka, mimba yaphwa ngati mbale. Dziko lonse lija mulibe nkhalamba ngakhale imodzi, mulibenso khanda. Ndinafuna chitenje ndi mpango. Mulibe. Tinapeza bulangete, ndinati chabwino, lomwelo.

Kenako ati ndisankhe ntchito: mlenje, msilikali, wa mankhwala, wokonza makina, wophika. Ndinafunsa ya osambitsa maliro. Dziko lodzaza mitembo chonchija, ntchito imeneyo mulibe. Ndinatenga yophika.

Kuyendetsa kwake n'kwa chala chachikulu. Poyamba ndimangozungulira malo amodzi ngati nkhuku yodwala chitopa, kenako ndinagunda khoma, kenako ndinayenda. Ndinathamanga. Miyendo iwiri, osapweteka paliponse. Za apo sindilemba zambiri.

Ndinafika panyumba ina yokhala ndi chitseko chabwinobwino ndi utsi kumbuyo. Zulfa anati ndilowe msanga ndione ngati muli chakudya, koma mwakachetechete. Ndinati nyumba yofuka utsi ili ndi mwini wake, ndipo ine sindinaleredwe ndi afisi. Ndinamuuza atsegule polankhulira paja. Anakana, ndinamuyang'ana, anatsegula. Ndinaima pakhomo n'kunena bwinobwino kuti odi kuno, salamu aleikum eni nyumba.

Chitseko chinatseguka. Munthu anatuluka, anandiyang'ana, n'kundiombera pachifuwa.

Foni inachita mdima. Mayi Lois anaseka mpaka a Sisita anabwera kudzawakweza pilo. Ine sizinandiseketse. Si kuti ndimaopa kufa m'foni, ndine wamkulu. Koma uja ndi munthu, ali ndi mayi ake, wamva mawu a nkhalamba ikuodira pakhomo, ndipo chimene chinamubwerera m'mutu ndi chimenecho.

Pang'ono pokha foni inawala, ndipo ndinadzuka kumsasa wa gulu lawo nditavala kabudula wam'kati ndi kamisolo basi, amuna akudutsa. Zulfa anati tithamange tikatenge katundu pa mtembo wanga asanatole ena. Ndinamubwezera foni yake n'kutembenukira kukhoma.

Lamulungu, 13 Julaye

Thupi 39 ndi kanthu. Kuzizidwa. Shuga 22.

A kwaya anabwera kudzaimbira mayi Lois. Ndaswali chogona.

Lolemba, 14 Julaye

Kufiira kwadumpha mzere ndi zala ziwiri. Atenga magazi. Awonjezera mankhwala ena a m'botolo laling'ono.

A Dokotala Sailesi lero sanaime kumiyendo ngati masiku onse. Anakoka mpando n'kukhala.

"Agogo, Lachinayi ili likadutsa sitidzakambanso za pansi pa bondo. Mwina sitidzakambanso kanthu."

Ndinati ndamva. Mayi Lois anadikira kuti achoke, kenako anati iwo aona anthu ofuna kufa olemera, koma wofuna kufa wokongola ayamba kuona ine. Ndinawauza kuti asamale mtima wawo, wanga ndisamala ndekha.

Zulfa sanagwire foni tsiku lonse. Anangokhala pamphasa akusenda lalanje limene sanadye.

Lachiwiri, 15 Julaye

Shuga 19. Thupi latsikako m'mawa, 38. Ndilemba zambiri lero mphamvu zikadalipo.

Ndinamuuza Zulfa kuti ayatse chinthu chake chija. Anadabwa, koma anayatsa, n'kuuza anzake kuti agogo abweranso. Ramsey anandilonjera mwaulemu ndithu, anafunsa za mwendo. Mtendere anandipatsa malaya, nsapato ndi bulangete lina. Ana aulemu bwino, akuba mitembo.

Anati tipite kuchigayo chakale tikafune ufa, ine ndiziyenda pakati. Sitinafike. Galu wamitu iwiri uja anatulukira pansi pa lole, ine m'malo mothawa ndinakanikiza pogwadira. Basi.

Ndinadzukanso kumsasa, wamaliseche ngati kale. Ramsey anati iwo aima pomwepo akulondera katundu wanga, ndibwere. Ulendo uno ndinapita. Zulfa amandilozera njira, ine ndikuyendetsa.

Ndinamupeza munthu wanga uja atagona chammbali pafupi ndi tayala la lole. Imvi zimene ndinasankha ndekha. Dzanja limodzi lapindikira kumsana, mwendo wina wakwera pa mwala. Ine ndaima apa, ine ndagona apo.

Ndaona mitembo yambiri, ya ana, ya azimayi ofera pobereka, ya anzanga amene tinkatunga nawo madzi. Sindinaganizepo kuti ndidzaima pambali pa wanga.

Ndinafunsa Zulfa pokanikiza kuti ndimuwongole manja. Ati palibe. Pomutembenuzira kuchibula, kumene timayang'ana poswali. Palibe. Pokumba. Palibe. Chimene chilipo n'chotenga katundu basi. Ndinatenga bulangete lija m'chikwama, ndinafunsa ngati pali potayira chinthu pansi. Ati apo pokha palipo. Ndinalitaya. Linagwera pamiyendo, lopindapinda, mutu uli pamtunda. Ndinalitola n'kusuntha pang'ono n'kulitayanso, kufikira linagwera pankhope.

Ramsey anafunsa kuti chikuchitika n'chiyani, mvula yapoizoni ikubwera, tizipita. Zulfa anamuuza kuti agogo amasambitsa maliro kwathu. Kenako ndinaona kanthu ka Mtendere kakutsitsa mfuti n'kukhala pansi. Ramsey naye anakhala.

Ndili chiyang'anire, mtembo uja unazimirira. Osati kunyamulidwa, osati kukwiriridwa. Unangoleka kukhalapo, bulangete n'kutsala pafumbi. Zulfa ati amatero onse pakapita kanthawi, kuti malo asadzaze.

Ndinamubwezera foni. Thukuta linali thupi lonse.

Masana onse ndaganiza. Amene ndinkasambitsa nawo, a Biti Maganizo, maso anafa chaka chatha. Atsikana a m'mudzi mwathu ukawaitana kuti adzagwire nsalu amati ali ndi mantha, ena ati ali kumwezi mwezi wonse. Ndikafa wathunthu sabata yamawa, monga ndakhala ndikuumirira, adzandigwira ndani? Adzabwereka munthu wa ku Benga wosandidziwa, wothamangira minibasi. Ndipo ine sindidzakhalapo kuti ndimuuze kuti madziwo azizira. Mwa onse amene ndinawasambitsa palibe amene anaona ntchito yanga, anangokhulupirira. Koma m'foni muja ndinaimapo, ndinaona, ndinakonza bulangete mpaka linakhala bwino.

Lachitatu, 16 Julaye

Shuga 18. Thupi 39. Magazi aja ati ayamba kuonetsa zoipa.

A Dokotala atafika ndinawauza kuti mwendo adule, koma pali mawu awiri. Oyamba, usapite kumoto, ubwerere kwa eni ake ukaikidwe kumanda kwathu. Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitumbuka cha mayi Lois. Ati achibale akapempha amawapatsa, bwenzi nditafunsa tsiku loyamba lomwe. Ndinati bwenzi atanena tsiku loyamba lomwe.

Achiwiri, usambitsidwe ine ndikuona, ndipo wosambitsa akhale Zulfa. Apo anakanda m'mutu, anakafunsana ndi a Sisita Brenda, n'kubwera kudzati kuli kachipinda kotsukira zilonda, koma avale magolovesi ndi chotseka pamphuno, ndipo zisatenge nthawi.

Onsewo avomera, mwini wake sanafunsidwe. Zulfa anali ataima pawindo, nkhope itatuwa. Anati sangathe. Anati abambo ake aitane munthu wina, iye akhoza kugula nsalu, kutenthetsa madzi, china chilichonse. Anati ngakhale a shehe anauza abambo ake kuti chiwalo sachisambitsa, amangochikulunga n'kukwirira. Ndinati zimenezo ndikuzidziwa kuposa iye, a shehe akunena za lamulo, ine ndikunena za mwendo wanga.

"Agogo, ndimasanza ndikangomva fungo. Mukudziwa."

"Usanza, ukatha ubwerera. Mitembo ya m'foni mwako siinunkha, n'chifukwa chake umailumpha. Ukakana, chala changa sichidinda pepala lawolo."

Anatuluka. Mayi Lois anati ndine mfiti, mwana samugwira pakhosi chonchi. Mwina. Ndinagona kuyang'ana chitseko, mwendo ukugunda ngati ng'oma, ndikudziwa kuti ndaika moyo wanga m'manja mwa mwana wothawa thonje. Akapanda kubwera, mawu ndanena kale pamaso pa anthu, ndipo ine sindibweza mawu.

Dzuwa litapendeka anabwera ndi kathumba ka kumsika. Anatulutsa nsalu yoyera n'kuiika pabedi, n'kufunsa ngati ikwana. Inali yokwana munthu wathunthu ndi mwana wake. Ndinamuuza kuti amubera, koma nsalu ndi yabwino.

Ndadinda.

Lachinayi, 17 Julaye

Osadya, osamwa chiyambire usiku. Andiveka chigauni chotsegula kumbuyo. Kalilu wafika. Ndadula zikhadabo za phazi lakumanja kuti lisachite manyazi potsala lokha.

Bismillah.

Lachisanu, 18 Julaye

Ndilipo. Ululu. Jakisoni.

Loweruka, 19 Julaye

Shuga 13. Thupi 37 ndi theka. A Dokotala ati bala lili bwino, magazi safunika kuwonjezera.

Ndilembe za Lachinayi ndisanaiwale.

Anandibaya kumsana, kuchokera m'chiuno kutsika kunafa. Anatchinga nsalu pachifuwa kuti ndisaone, koma makutu sanatchinge. Ndinamva zonse. Phokoso lake ndi la kalipentala. Wina amafunsa mnzake za mpira. Ndinawerenga ma sura a m'Kurani amene ndimawadziwa, atatha ndinayambiranso.

Chakumasana anandikankha ndi bedi lomwe kupita kukachipinda kaja. Mutu unali wolemera koma maso amaona. Zulfa anali kale m'menemo, magolovesi mpaka m'zigongono, beseni la madzi ofunda, sopo, nsalu ataing'amba monga ndinamuuzira. A Sisita Brenda anabweretsa chinthucho m'pulasitiki n'kuchiika patebulo.

Ndinkayesa ndidzalira. Sindinalire. Ndinangodabwa kufupika kwake. Mwendo umene unandipititsa kumunda, kuchigayo, kumaliro a m'midzi yonse ija, kukwana pa thireyi.

Zulfa anamasula pulasitiki, n'kuthamangira kunja. Tinamumva. A Sisita anandiyang'ana, ine ndinayang'ana chitseko. Anabwerera, maso ofiira, anasintha chotseka pamphuno.

Ndinamuuza ayese madzi ndi chigongono, womwalira samuwotcha, samuzizitsa. Afunditse kaye nsalu, asambitse pansi pake. Ayambe kumwamba kutsika. Asakhule, azisisita. Pakati pa zala ndi kansalu, ngakhale zakudazo, pang'onopang'ono kuti khungu lisatsale m'manja. Katatu. Kachitatu ndinamuona akuchotsa dothi la kumunda limene linatsalira m'ming'alu ya chidendene, ine osamuuza. Pamenepo ndiye ndinayang'ana kudenga.

Pokulunga analakwitsa mfundo, anamanga ngati thumba la makala. Ndinamumasulitsa. Mfundo ya sanda, nsalu ya maliro, imamangidwa kuti ikamasuke mosavuta kumanda. Anamanganso.

Kalilu analandira ndi manja awiri. Ulendo uno anayang'ana. Anauika m'katoni, katoni m'chikwama, n'kukwera nawo minibasi, ati kondakitala amafuna kuuika kumbuyo ndi matumba a usipa, iye anakana n'kuufukata pamiyendo mpaka ku Kanyenda. Auika pafupi ndi manda a bambo ake, asiya malo okwana ine. Swala sanaswalire, a shehe anati mwendo suswaliridwa mwini wake akupuma. Apo ndiye sinditsutsa.

Zulfa akuti tsiku limenelo anzake aja sanapite kokasaka. Anakhazika tianthu tawo pansi kumsasa kudikira uthenga, mpaka gulu lina linawapeza ali chikhalire n'kuwapha onse, n'kutenga ndi mapoto omwe. Ramsey ati ndiwapepese. Ndamuuza kuti kumaliro sapita ndi katundu.

Lamulungu, 20 Julaye

Shuga 11. Ndakhala tsonga. Ndinaiwala, ndinafuna kutsika kuti ndikatawaze, kusamba kokonzekera swala, a Sisita anandigwira m'malere.

Mayi Lois awatulutsa, miyendo yaphwa. Anandisiyira kapu yawo ndi mawu akuti ndikadzafuna nsapato tizidzagula limodzi ndi munthu wina wodulidwa wakumanja. Bedi lawo agonekapo kale mtsikana wosalankhula. Wodi yakula.

Lolemba, 21 Julaye

Shuga 9. A Sisita Brenda anaonetsa kamakina kwa anzawo. Atsegula bala, ati ndi loyera. Mawa abwera wophunzitsa kuyenda ndi ndodo.

Chimene sanandiuze aliyense ndi ichi. Phazi likuyabwa. Osati lotsalali, lomwe lili ku Kanyenda pansi pa dothi. Pansi pa chala chachikulu penipeni, kuyabwa koti munthu ungalume chitsulo cha bedi. Ndinatumiza dzanja n'kugwira nsalu yokha. Ndinayamba kuganiza za chiswe, ndinati Kalilu sanakumbe mokwanira, aimbiridwe foni. A Sisita anati si chiswe, zimachitika kwa onse, mutu sunamve uthenga kuti mwendo unapita, udzamva pang'onopang'ono.

Zulfa anali pamphasa, ali pakati pa nkhondo. Ndimamva Mtendere akukuwa m'tizingwe kuti wavulala, wa mankhwala ali kuti. Ndinapirira, ndinaluma mpango, kenako ndinalephera.

"Iwe, tandikande phazi."

Anayang'ana lakumanja. Ndinapukusa mutu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndimati anena kuti agogo mwayamba misala. Anaika foni pansi osaizimitsa, anagwada kumiyendo kwa bedi, n'kufunsa kuti pati. Ndinati chala chachikulu, pansi pake. Anayeza ndi maso kuchokera pabondo, anatsitsa dzanja mpaka pamalo opanda kanthu, n'kuyamba kukanda matiresi.

Ndinati atsike pang'ono. Anatsika. Pomwepo.

Pamphasa paja foni inachita mdima, anali atamupha. Sanacheuke.